Orpa Amanga Nyenyezi

Orpa anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala kumapiri a ku Timor. Mumtima mwake munali khumbo limodzi. Ankafuna kumanga nyenyezi.

Osati nyenyezi za kumwamba ayi. Nyenyezi za pa nsalu.

Kwawo kunali kutabadwa mwana wamwamuna. Dzina lake anali Nitanel. Kanali kamwana kakang'ono, koma kulira kwake, eee! Mbuzi za m'mudzi zinkachita kudzidzimuka.

M'banja lawo munali mwambo. Mwana aliyense ankabatizidwa atafunda nsalu yakeyake. Nsaluyo sinali yogula. Inali yoomba pakhomo. Inali yabuluu, ya nyenyezi zoyera. Orpa anali nayo yake. Abambo analinso nayo yawo, yakalekale. Nitanel yekha analibe.

Ndipo ubatizo unali pafupi. Panatsala milungu isanu ndi umodzi.

Amayi anali m'chikuta. Ankakhala m'nyumba yozungulira ya udzu, pamodzi ndi khanda. Ulusi anali atapota kale, mitolo iwiri. Koma womanga nyenyezi panalibe.

"Nanga titani?" anafunsa abambo, akukanda mutu. "Zala zangazi zimadziwa khasu basi."

"Ndimanga ine!" anatero Orpa.

Azakhali a Welmince anafa nacho chiseko. Iwo anali mlongo wawo wa abambo. Ndiwo ankanyika ulusi wa mudzi wonse mu utoto. Manja awo anali abuluu mpaka m'zigongono. Mkamwa mwawo munali mofiira ndi pinangi, kamtedza kamene ankatafuna tsiku lonse. Zala zawo zinali zitauma ndi nyamakazi, ndipo kumanga anasiya kalekale. Koma pakamwa sipanaume ayi.

"Iwe?" anatero azakhali. "Iwe amene ukakhala pansi umachita ngati wakhalira linthumbu?"

"Ndikhala, Azakhali."

"Ukhala mpaka dzuwa lipendeke?"

"Ndikhala."

"Chabwino. Tiona."

M'mawa mwake azakhali anabweretsa chimango cha nsungwi. Pa chimangopo anakungapo mtolo woyamba wa ulusi. Ulusiwo unali woyera mbee. Anabweretsanso timizere ta mlaza, tating'ono ngati udzu.

"Tchera khutu," anatero azakhali. "Tenga timaulusi pang'ono. Tikulunge ndi mlaza. Koka mwamphamvu. Kenako manga mfundo. Ukamaliza, ine ndidzanyika ulusi wonse mu utoto. Pamene wamanga, utoto sulowa. Pamatsala poyera. Ndiyo nyenyezi yako imeneyo."

"Ndamva."

"Kulunga kasanu. Osati kawiri. Kasanu!"

"Ndamva, Azakhali."

Orpa anakhala pa mphasa. Anayamba ntchito.

Kulunga. Koka. Manga.

Kulunga. Koka. Manga.

Azakhali anaimirira kumbuyo kwake. Orpa anakulunga kasanu. Anakoka mwamphamvu. Mfundo zake zinali zolimba gwa.

"Ndithu, ulesi ulipo, koma zala nazo zilipo," anatero azakhali. Kenako anapita kukathyola masamba a utoto.

Orpa anatsala yekha. Nyenyezi imodzi inkafuna mfundo zambiri. Ndipo nyenyezizo zinkafunika zambiri. Msana unayamba kuwawa. Mlaza unayamba kudula zala.

Pa mpanda panatulukira mutu. Anali Yumina, mnzake wa Orpa.

"Iwe Orpa! Bwemba wapsa kumtsinje! Tiye!"

"Ndili pa ntchito."

"Aa, gogo Orpa! Tikugulire ndodo? Tiye iwe, anzathu atimalizira!"

Orpa anameza malovu. Bwemba ankamukonda kwabasi. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Azakhali kunalibe.

Anakulunga kawiri. Sanakoke. Anangomanga.

Anayang'anitsitsa mfundoyo. Ha! Inkaoneka chimodzimodzi ndi zinzake. Palibe akanadziwa.

Kulunga. Manga.

Kulunga. Manga.

Ntchito inathamanga ngati madzi otsetsereka. Posakhalitsa Orpa anali kumtsinje, masaya atatupa ndi bwemba.

Tsiku lachiwiri zinali chomwecho. Lachitatunso chomwecho. Azakhali akakhalapo, Orpa ankakulunga kasanu. Azakhali akachoka, ankakulunga kawiri.

Mlungu usanathe, Orpa anakuwa, "Ndamaliza!"

"Msanga chonchi?" anadabwa azakhali. Anayang'ana chimango chonse. Mfundo zinali m'mizere yokongola. "Kaya. Utoto ndiwo unene."

Azakhali ananyika ulusi mu mtsuko. Anauyanika. Anaunyikanso. Anauyanikanso. Anachita zimenezi masiku anayi. Ulusi unasanduka wabuluu.

Tsiku lomasula linafika. Orpa anatenga kampeni. Mtima unkagunda ndi chimwemwe. Anadula mfundo yoyamba. Pansi pake panali poyera. Anadula yachiwiri. Panali poyeranso.

Anadula yachitatu.

Mayo! Utoto unali utalowa.

Anadula ina. Utoto unalowa. Anadula inanso. Utoto unalowa. Nyenyezi ina inalibe mutu. Ina inalibe mwendo. Zambiri zinali mabala chabe.

Azakhali anagwira m'chiuno.

"Kodi izi ndi nyenyezi, kapena nkhuku yapondapo?"



"Ine unandipusitsa, mwana iwe. Koma mtsuko wangawu supusitsidwa. Mfundo ikakhala yaulesi, utoto umaipeza."

Orpa anachita manyazi kwambiri. Misozi inatsika. Anathamangira ku nyumba ya udzu ija. Anawerama pa kachitseko kake kafupi, nalowa.

Amayi anali kuyamwitsa Nitanel.

"Bwera, mwanangu. Chavuta n'chiyani?"

"Ndaononga ulusi, Amayi. Ndinkakulunga kawiri. Sindinkakoka. Ndinkafulumirira bwemba." Orpa analira mokweza. "Nitanel abatizidwa wopanda nsalu chifukwa cha ine!"

Amayi sanakalipe. Anamupukuta misozi ndi chala.

"Wanena zoona. Wachita bwino pamenepo. Tsono tandiuza. Pomanga paja, unkamangira ndani?"

Orpa anaganiza.

"Azakhali. Kuti aone."

"Nanga azakhali akachoka?"

"Akachoka... panalibe woona."

"Panalibedi?"

Orpa anagwetsa nkhope.

"Mvera, Orpa," anatero amayi. "Mawu a Mulungu amatiphunzitsa za ntchito. Ntchito yathu ndi mphatso yopita kwa Iye. Abambo ako akamalima, amalimira Mulungu. Ine ndikamachapa matewera a mwanayu, ndimachapira Mulungu. Ndipo Mulungu sitimupatsa theka la mtima. Timamupatsa mtima wonse."

"Matewera omwe?"

"Matewera omwe."

Orpa anaseka pang'ono, misozi ikadali m'maso.

"Koma Amayi, Mulungu ndi wamkulu. Timfundo tangati n'tating'ono. Angatione?"

"Kodi miyendo ya nyerere anapanga ndani?"

"Mulungu."

"Anaipanga mwaulesi?"

"Ayi. Nyerere zimathamanga bwinobwino."

"Eya."

Amayi analoza mtanga umene unali pakona.

"Mmenemo muli mtolo wachiwiri. Ndi womaliza. Thonje latha, mpaka chaka chamawa. Ukaonongeka umenewu, nsalu palibe."

Orpa anatsegula mtanga. Ananyamula ulusiwo ndi manja awiri. Anayang'ana Nitanel. Kamwanako kanali mtulo, kukamwa kuli yasa.

"Ndimanganso, Amayi."

"Masiku atsala ochepa. Ukwanitsa?"

"Ndikwanitsa."

M'mawa mwake Orpa anadzuka tambala atangolira. Anasamba kumaso. Anakhala pa mphasa. Asanagwire mlaza, anatsinzina.

"Mulungu, ndine Orpa. Mfundo izi ndi zanu. Ndithandizeni. Amen."

Azakhali anakunga ulusi pa chimango. Kenako anakoka mpando.

"Lero sindisuntha pano. Ndikhala ngati mlonda."

"Pitani ku ntchito zanu, Azakhali. Musavutike."

"Kuti unditembenukirenso?"

"Ayi. Woyang'anira alipo kale."

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Analavula pinangi. Ananyamula mpando wawo, napita.

Orpa anatsala yekha.

Kulunga kasanu. Koka. Manga.

Kulunga kasanu. Koka. Manga.

Dzuwa linakwera. Msana unawawa. Orpa anadziongola, napitiriza.

Pa mpanda panatulukiranso mutu uja.

"Gogo Orpa! Lero tikukasambira! Madzi ake ozizira bwino!"

"Pitani. Ndibwera ndikamaliza."

"Umaliza liti?"

"Sindikudziwa."

"Iii! Udzamera mizu pamphasapo!"

"Ndikamera udzandithirire," anatero Orpa. Yumina anaseka, nathamanga.

Mumtima Orpa ankafunitsitsa kupita. Ankamva anzake akukuwa kumtsinje.  Koma zala zake sizinaime.

Kulunga kasanu. Koka. Manga.

Tsiku lachitatu chala chinatuluka thuza. Thuzalo linaphulika. Pachalapo pankawawa koopsa. Abambo atabwera kuchokera kumunda anachiona.

"Pumula, mwanangu. Mawa ndi tsikunso."

"Ndimangeni kansanza, Ababa. Ndatsala ndi mzere umodzi lero."

Abambo anamumanga kansanza. Anamubweretsera mphale yophika ndi nyemba. Orpa anadya. Anasamba m'manja bwinobwino, kuti asadetse ulusi. Anabwerera pa mphasa.

Lamulungu sanagwire ntchito. Anapita ku tchalitchi. Anaimba ndi anzake. Lolemba anayambanso.

Nthawi zina mlaza unkaduka. Orpa ankatenga wina. Nthawi zina ankasokoneza chiwerengero cha timaulusi. Ankamasula n'kuyambanso. Tsiku lina anakwiya, naponya mlaza pansi. Anapuma pang'ono. Kenako anautola.

Patapita masiku khumi, anamanga mfundo yomaliza.

Azakhali anali atakonza kale mtsuko. Utoto unali wokonzeka.

"Bwera nawo msanga ulusiwo!" anaitana. "Utoto sudikira munthu. Ndipo amayi ako akufuna masiku oombera."

"Ndikubwera, Azakhali!"

Koma Orpa sananyamuke. Anayamba kuyesa mfundo zake ndi chikhadabo. Imodzi imodzi. Iyi yolimba. Iyi yolimba. Iyinso yolimba.

Anafika pakona, m'munsi mwenimweni. Anakankha mfundo ina.

Inasuntha.

Mtima wa Orpa unati phaa. Mfundoyo inali m'mphepete. Pamenepo nsalu imapindidwa. Palibe munthu amayang'anapo. Ndipo kuti aikonze, anafunika kumasula zinzake zinayi zoyandikana nayo.

"Orpa! Wagona kodi?"

Zala zinali zotopa. Msana unali wotopa. Orpa anayang'ana kamfundo kaja.

"Dikirani, Azakhali! Imodzi yafooka!"

"Ili pati?"

"Pakona, m'munsi."

"Aa, pamenepo sipaoneka!"

"Ndikudziwa. Komabe dikirani."

Orpa anamasula mfundo zisanu. Anatenga mlaza watsopano. Analuma mlomo.

Kulunga kasanu. Koka. Manga.

Azakhali anabwera n'kuima pambali.  Anangomupatsira timizere ta mlaza, kamodzi kamodzi, mpaka anamaliza.

Kenako ulusi unalowa mu mtsuko. Unatuluka. Unauma. Unalowanso. Orpa ankangozungulira pa chingwe choyanikira.  Ankaopa.

Tsiku lomasula linafika. Tsiku lomwelo amayi anatuluka m'chikuta. Anakhala pakhonde, Nitanel ali pamiyendo. Abambo sanapite kumunda.

Orpa anatenga kampeni. 

Anadula mfundo yoyamba. Poyera.

Anadula yachiwiri. Poyera.

Anadula yachitatu. Poyera mbee!

Anadula, nadula, nadula. Timlaza tinagwa pansi ngati mankhusu. Nyenyezi zinayamba kutuluka. Iyi ili ndi mutu. Iyi ili ndi miyendo yonse. Ya pakona ija nayo inatuluka yathunthu.

Amayi analuluta. Abambo anaomba m'manja.

Azakhali anaweramira pafupi. Anafufuza bala. Anafufuza kumtunda. Anafufuza kumunsi. Sanalipeze.

"Hm," anatero. "Nkhuku ija yasamuka."

Tsono inali nthawi ya amayi. Anamanga lamba woombera m'chiuno. Anatambasula miyendo. Anayamba kuomba. Thu! Thu! Thu! Ankaomba m'mawa. Ankaomba masana. Orpa ankanyamula Nitanel, kuti amayi asadukize. Ankatunga madzi. Ankatsuka mbale. Mbale nazonso ankazitsuka mkati ndi kunja komwe.

Loweruka masana, amayi anadula ulusi womaliza. Nsalu inatha. Ubatizo unali mawa lake.

Orpa anaiyala pa mphasa. Inali yokongola zedi. Anaganiza za anthu a ku tchalitchi. Onse adzaiona! Yumina adzaiona! Abusa adzaiona!

Koma Lamulungu kunacha ndi mphepo. Inali mphepo yozizira, yochokera kumapiri. Nkhungu inaphimba mudzi wonse. Anthu ankayenda atakumbatira mapewa.

Amayi anamufunditsa Nitanel nsalu yake ya nyenyezi. Atatuluka panja, kamwanako kanayetsemula.

"Ayi, kwazizira kwambiri," anatero abambo. Analowa m'nyumba. Anatenga bulangete lalikulu lotuwa. Anamukulunga Nitanel pamwamba pa nsalu ija. Panatsala kamphuno kokha.

Nyenyezi zonse zinabisika.

  Zinamupweteka Orpa, tisaname.

Mu tchalitchi munadzaza anthu. Mphepo inkalowera m'mazenera. Abusa anaitana dzina la Nitanel. Amayi ndi abambo anapita naye kutsogolo. Abusa anavundukula kamutu kokha. Anamuthira madzi pamphumi. Anamupempherera. Anthu anaimba.

Palibe anaona nsalu ija. Ngakhale mmodzi.

Atatuluka, azakhali anayamba kudandaula.

"Koma mphepo iyi ilibe ulemu! Masiku onse aja! Chala cha mwana chinachita kutuluka thuza! Ndiye anthu aone bulangete? Bulangete lotuwa ngati bulu! Achimwene, simukanavundukula pang'ono pokha?"

"Mwana akanazizidwa, achemwali," anatero abambo.

Orpa anayandikira amayi. Analowetsa dzanja pansi pa bulangete. Mkatimo munali mofunda. Anakhudza nsalu ija. Anakhudza kadzanja ka Nitanel. Kadzanjako kanali katagwira nsaluyo zolimba.

Chisoni chija chinachoka. Mumtima munadzaza chimwemwe.

"Musadandaule, Azakhali," anatero Orpa. "Nitanel wabatizidwa ndi nsalu yake. Ndipo amene ndinkamangira waona. Waona zonse, ya pakona yomwe."

Azakhali anamuyang'ana. Anapukuta m'maso ndi dzanja lawo labuluu.

"Mphepo yandilowa m'maso," anatero.

Abambo anaseka. Amayi anawerama.

"Tenga mlongo wako, Orpa. Ukafike naye kunyumba ndiwe."

Orpa anamulandira ndi manja awiri. Anamukumbatira pachifuwa. Amayi anali mbali iyi, abambo mbali inayo. Azakhali ankabwera pambuyo.

Orpa anayenda pang'onopang'ono, kuti asamudzutse.